Mwala Wopola Wokha

Kabwata, Lusaka
11 Ogasiti 2024

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji kumeneko, pamodzi ndi achimwene a Jesse, alamu ndi ana? Bondo lija likukulolani kupita ku Misa? Ine kuno ndili bwino, kungoti fumbi la Lusaka landikhala pakhosi, ndipo magetsi amabwera ngati mlendo wongodutsa.

Ndaganiza zomalemba makalata chifukwa makutu anu ndi foni sizinamvanepo. Lamulungu lija ndinati ndapeza nyumba, inu n'kuyamba kundikalipira kuti ndikuguliranji nyemba pomwe kwathu zili mbwee. Makalatawa ndizipatsira kondakitala wa basi ya ku Lilongwe, aziwasiya pasitolo ya achimwene pa Mchinji.

Munafunsa kuti ntchito yake ndi yotani kwenikweni. Ndine mkulu wa gulu lofufuza. Musathamangire kuuza amayi a kumpingo kuti Wini walowa upolisi. Kampani yake ndi yaing'ono, yangoyamba kumene, ili m'chinyumba chakale chosungiramo feteleza ku Makeni. Eni ake ndi Ba Matthew, pakuti kuno aliyense ndi Ba, inenso ndasanduka Ba Wini. Ndi bambo wa ku Kabulonga, dera la olemera, amene amatsegula msonkhano uliwonse ndi pemphero, n'kuutseka ndi funso loti tiyamba liti kugulitsa. Ndikuyang'anira akatswiri awiri. Chibesa ndi mayi wa ku Kitwe wodziwa za mankhwala, pakamwa pake sipapuma. Kampamba ndiye wa makina, ndipo akalankhula kawiri patsiku ndiye kuti kwachitika zinthu.

Timapanga mwala. Timatenga zotsala zakuda zimene amataya ku migodi akasungunula mkuwa, timazipera kukhala ufa, n'kuzikanda ndi madzi oluma ngati chidulo chanu chija, koma aukali kwambiri. Zikauma zimasanduka mwala wakuda bii, wosalala, wolimba kuposa simenti. Chachilendo chake n'chakuti ukachita mng'alu, madzi n'kulowamo, mng'aluwo umatsekeka wokha. Umapola ngati chilonda. Tikuupangira milatho ndi madamu. Tsiku loyamba kuuona ukutseka, ndinadabwa, ngakhale ndikudziwa bwino chimene chimachitika mkatimo.

Tsopano za chiliza cha bambo. Muwauze abambo aang'ono kuti asapangane kanthu ndi anthu a miyala a ku Lilongwe aja. Mwala wa bambo ndiupanga ndekha. Ankandiseka kuti ndikuthera zaka ku sukulu kuphunzira miyala pomwe kumunda kwathu ili yambiri yaulere, ndiye aone tsopano. Tsiku lovundukula likhale lomwe lija, Loweruka lotsatira Khirisimasi.

Mafuta opaka pabondo ali m'phukusimo. Musagawire mudzi wonse.

Ndine mwana wanu,
Winifred


Kabwata
15 Seputembala 2024

Amayi,

Moni kwa nonse. Ndamva kuti bondo lachepako, ndathokoza. Ine ndili bwino.

Mwala watha. Ukubwera pa lole ya feteleza yopita ku Chipata, achimwene akaulandire pa boda. Aunyamule anthu okwanira, ndi wolemera kuposa mmene ukuonekera.

Zilembo anazokota ndi Ba Morris, mkulu wina wa miyala kuseri kwa msika wa Kabwata. Atakonza zitsulo zake anandifunsa kuti, “Ba sisita, zina yao ni bandani?”

Amayi, pakamwa panakana. Ndinaima pamenepo, munthu wamkulu wolamula anzanga, kukamwa kuli yasa. Chibadwire sindinalitchulepo dzina limenelo. Inunso sindinakumvenipo. Kwa inu anali a Mwale, mfunda wawo, kapena bambo a Jesse, mukakwiya anali “anthu ena m'nyumba muno”. Ndinangolilemba pakapepala n'kumupatsa. Iye analiwerenga mokweza ngati akuitana wodwala pamzere wa kuchipatala, ine n'kucheuka kumbuyo. Sindikudziwa chimene ndimayembekezera kuona.

Anzanga aja andichita chipongwe chokoma. Pothira mwalawo m'chikombole, Kampamba anabisa m'munsi mwake tizilembo tamkuwa. Pomasula ndinangoona chakumapazi kwalembedwa WINIFRED MLONGOTI, kukuwala. Ndinawakalipira kuti manda si malo odzitamandira. Chibesa anati, “Ba Wini, olo telala amaikako ka lebo pa malaya.” Ndisakunamizeni, mumtima ndinakondwa. Ndinauza Ba Morris kuti azokote pamwamba pa dzina langalo mawu oti “Wamanga ndi mwana wanu”, kuti anthu asasokonezeke.

Ba Matthew ataona mwalawo maso anawala. Milatho imafuna zaka zoyesa ndi zilolezo, pomwe chiliza sichifuna chilolezo cha munthu. Akuti tiyambe kugulitsa kwa ozokota miyala a mumzinda muno. Ndinawauza kuti mwalawu sunaonepo dzinja, tidikire kaye mvula. Anaseka n'kuti, “Ba Wini, bakufa sibadandaula.” Amene anaika ndalama zawo m'kampaniyi atopa kudikira, ndipo malipiro a anzangawa ali pomwepo. Sindinalimbikire.

Mukamaliza kumanga muukute ndi nsalu yoyera monga mwa nthawi zonse, munthu asauone mpaka tsiku lake.

Wini


Kabwata
20 Okutobala 2024

Amayi okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino. Kuno kutentha kwafika poipa, majenereta akungolira mbali zonse ngati maliro a makina.

Achimwene anandiuza kuti mwala unafika bwino, mwaumanga ndi kuukuta. Akuti munauyang'ana nthawi yaitali musanalole nsalu, kenako munati a Mwale sanakhalepo ndi suti yokongola chonchi. Ndinaseka ndekha m'basi mpaka anthu kundiyang'ana.

Ntchito yachuluka. Miyala ikutuluka tsiku ndi tsiku, moti kufufuza kwenikweniko taika pambali, tasanduka fakitale ya ziliza. Bungwe lina la maliro la mpingo wa ku Chelstone lagula yokwana mzere wonse. Chibesa akudandaula kuti sanaphunzire kuti azipukuta manda. Ndimamutonthoza, koma wonditonthoza ine palibe.

Pali kanthu kakang'ono. Pakhomo la labu, chipinda chathu choyesera zinthu, pali kamakina kamene umaikapo chala kuti chitseko chitseguke. Sabata ino kakana kundizindikira. Ndayesa zala zonse. Nditayang'ana bwino ndapeza kuti timizere ta kunsonga kwa zala tafufutika, pasalala see. Ndi madzi a chidulo aja, ndimavula magolovesi kawirikawiri chifukwa cha thukuta. Timizereto timabwerera, musade nkhawa. Kungoti m'mawa uliwonse ndimaima panja ngati mlendo mpaka Kampamba adzanditsegulire.

Mbewu mugule yocha msanga, chaka chatha chinatiphunzitsa. Kodi kumeneko mitambo yayamba?

Wini


Kabwata
17 Novembala 2024

Amayi,

Moni. Ndili bwino. Inu muli bwanji?

Mvula yoyamba yagwa kuno, yamphamvu. Kuseri kwa labu tili ndi bwalo pamene timayanika masampulo, timiyala toyesera, kalikonse kali ndi nambala yake yozokota kuti tidziwe mmene tinasakanizira. Lolemba m'mawa Chibesa anandithamangira.

“Ba Wini, bwelani muone. Manamba yayenda.”

Timiyala tonse tinali pamalo pake, mizere yake yomweyo, tonyowa, tikuwala. Panalibe nambala ngakhale imodzi. Ntchito ya miyezi yonseyi sitikudziwanso kuti aka ndi kati. Ndinapsa mtima, ndinakalipira Kampamba kuti wasinthanitsa timiyalato ndi tina. Iye anangondiyang'ana n'kuti, “Sininagwileko.” Masana ndinakamupepesa pamaso pa Chibesa, chifukwa ndinamunyoza pamaso pa Chibesa.

Ndinatenga msomali, ndinakanda kamwala kamodzi mozama, n'kukakulunga m'nsanza yonyowa. Pofika Lachisanu chikhadabo chinkangotsetsereka osakodwa paliponse. Mwalawu tinaupanga kuti uzitseka ming'alu yopyapyala ngati tsitsi. Zotseka mzere wozama chonchi m'mabuku mulibe, ndipo ine mkulu wa gulu ndilibe yankho. Chibesa akuti waona kuti mizere wamba imachedwa, mayina ndiwo amafulumira. Ndamuletsa kulankhula zotere mu labu, ife ndife anthu a sayansi. Iye atapita kwawo ndinayesa ndekha.

Ndawauza Ba Matthew. Akuti tipemphere, ndipo nkhaniyi isatuluke pageti.

Amayi, achimwene agule pulasitiki yaikulu yakuda, yofolera nyumba ija, akute pamwamba pa nsalu ndi kutsindira ndi njerwa mbali zonse. Achite lero lomwe, asadikire Loweruka. Nsaluyo asaivundukule, ndi mwambo basi. Palibe chovuta, ndingofuna kuti isade ndi matope.

Wini


Kabwata
1 Disembala 2024

Amayi anga,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli ndi mphamvu. Ine thupi lili bwino. Achimwene akuti pulasitiki anaika, koma mvula inali itagwa kale kangapo ndipo nsalu inali itamatirira pamwala. Chabwino.

Sabata yathayi pageti pathu pamakhala mayi wina wachikulire, atavala chitenje cha mpingo, ambulera ali pamiyendo. Mlonda anauzidwa kuti asamulowetse. Sankakuwa, sankapempha kanthu, ankangoyang'ana aliyense wolowa. Lachinayi ndinalephera kumudutsa. Dzina lake ndi Mai Imelda, amakhala ku Chelstone koma kwawo ndi ku Katete, Chichewa chawo chili pafupi ndi chathu.

“Ndimwe mupanga miyala?” anatero. “Sinifuna ndalama, mwana wanga. Nifuna chabe munionetse pamene agona amuna anga.”

Tinakwera minibasi limodzi. Manda ake ndi aakulu, ali kunja kwa mzinda, mbali yatsopano kulibe ngakhale mtengo. Anali masana, dzuwa litatuluka mvula itangokata, nthaka ikufuka nthunzi. Mzere wa bungwe la mpingo uja ndinauona tili patali. Miyala yakuda yofanana msinkhu, yofanana kakulidwe, yoima mwadongosolo, yonse yopanda chilembo. Tizikwangwani tachitsulo takale anatizula pomanga ziliza, ndipo manambala a manda anawazokotanso pamiyala yomweyo. Panali anthu ena angapo, aliyense maluwa ali m'manja, akuyenda pang'onopang'ono osayang'anana. Bambo wina ankawerenga kuchokera kumsewu, akafika pakati n'kubwerera kukayambiranso.

Ndinawerama pamwala umodzi kufuna kuona ngati patsala kachizindikiro. Mwala wonyowa uja umaonetsa ngati galasi. Pamalo pa dzina ndinaona nkhope yanga. Ndinasuntha, pa wotsatira chimodzimodzi, mpaka kumapeto kwa mzere.

Mai Imelda anandisiya n'kukaima pakati. Anaika ambulera pansi, anakonza chitenje, kenako anaitana ndi mawu onse. “Gelevazio!”

Anthu onse anaima. Iwo anagwira pakamwa n'kuseka mwamanyazi ngati mtsikana. “Chikwatiwire sininawaitanepo so,” anatero. Palibe chinayankha, Amayi, ndikunenetsa, kunali zii. Koma anayenda molunjika, anadutsa miyala ingapo, n'kukagwada pa umodzi. Anati, “Ni apa.” Ndinawafunsa kuti adziwa bwanji. Iwo anali atayamba kale kuzula udzu.

Ndinabwerera ndekha. Ndili ndi mantha, ndipo ndili ndi manyazi. Miyala imeneyo inatuluka m'manja mwanga.

Nkhuku za pamwambo musagule msanga, zingadye chimanga pachabe.

Wini


Kabwata
9 Disembala 2024

Amayi,

Ndili moyo. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa achimwene akuti ndi okhawo mukufuna kumva. Onani, dzanja ndi langa lomwe lija munkati likulemba ngati nkhuku yapalasa.

Ndinati musavundukule. Ndikanadziwa kuti mwana wa munthu akati palibe chovuta, inu ndiye mumanyamuka m'mawa ndi bondo lanulo. Achimwene andiuza zonse. Dzina la bambo palibe, masiku palibe, mtanda palibe, mawu oti “Wamanga ndi mwana wanu” palibe. Pamwala wonsewo patsala tizilembo tamkuwa tokha.

Mkuwa mwalawu sungaumeze, nkhani yake ndi yomweyo. Si chizindikiro, si maula, palibe amene wandikonzera. Abambo aang'ono asiye zouza anthu kuti mwala wasankha wotsatira. Ndipo inu mudye. Akuti chiyambire tsiku lija mwangomwa tiyi, ndipo mumakhala pakhonde kuyang'ana kumsewu.

Ndayesa mu labu kuzokotanso pamene panapola. Pamatseka msanga kuposa poyamba. Kuika mkuwa kumatheka pothira pokha, mwala usanaume. Choncho mwala umenewo sudzanyamulanso dzina la bambo, ndisakunyengeni.

Chinthu chimodzi ndikuuzeni inu nokha. Dzulo ndikutsuka mbale ndinafuna kulikumbukira dzinalo, m'mutu mokha, ndipo kwa kanthawi munali mosalala. Linabwera, koma linachedwa. Kapepala ndinapatsa Ba Morris kaja anataya kalekale. Mwina ndi kutopa.

Wini


Kabwata
19 Disembala 2024

Okondedwa Amayi,

Moni kwa inu, achimwene, alamu ndi ana. Ndamva kuti mwayamba kudya phala. Onjezerani. Ine ndili bwino, timizere ta zala tayamba kuoneka pang'ono, ngakhale kamakina ka pakhomo sindikukafunanso kwenikweni.

Lolemba Ba Matthew anatiitana. Atatha pemphero anandipatsa chikalata choti ndisaine, chonena kuti mwala ulibe vuto, olakwa ndi ozokota amene sanazamitse zilembo, makamaka Ba Morris. Anati ndikasaina, kampani ipulumuka ndipo tonse tidya Khirisimasi. Ndinawauza kuti dzina langa lili kale pamalo amodzi olakwika, sindiliikanso pena. Anakweza mawu. Chibesa anakweza kuposa iwo. Kampamba anangotuluka, ndipo patapita kanthawi tinamva chigayo cha ufa wa mwala chikuzima. Chinyumba chonse chinati zii koyamba chibwerere ine kuno.

Tagwirizana kuti ziliza zaleka. Mabanja onse tiwapangira miyala ina ya mwala wamba, ndipo ndayenda ndi anzangawa khomo ndi khomo ku Chelstone ndi ku Libala kukanena zoona ndi pakamwa pathu. Ena anatitukwana, sindikuwadandaula. Za milatho mwina zipitirira, pakuti mlatho sufuna dzina. Ngati zipitirire ndi ine kapena ayi, tikakamba ndikafika.

Tsopano mundimvetse. Abambo aang'ono akufuna mwambo uimitsidwe ndipo mwala uphwanyidwe ndi nyundo. Ine ndikupempha kuti tsiku lisasinthe. Mwala wina wamba, wa anthu a ku Lilongwe omwe ndinawanyoza aja, tidzaika mvula ikatha. Achimwene akuti palibe amene akufuna kukhudza tizilembo tamkuwa tija, ngakhale amisiri akana. Asavutike. Ndabwereka chitsulo kwa Ba Morris, ndidzatizula ndekha, kamodzikamodzi. Mabowo ake adzapola okha, ntchito imeneyo mwalawu umaidziwa.

Ndiye Loweruka lija nsalu ikadzachoka, anthu adzaona mwala wakuda wopanda kanthu. Wansembe adzalitchula dzinalo, n'zoona, monga amatchulira a anthu onse, akuyang'ana papepala. Koma ife a m'nyumba tinalisiya kwa ena moyo wawo wonse. Linali la a kuchipatala, la a kubanki, la a kalembera. Ife tinkalilemekeza polisunga kukhosi, kenako tinalipereka kwa mwala kuti uzitinenera, mwalawo n'kulimeza. Sindikunyoza mwambo, Amayi, munandilera nawo ndipo ndimaukonda. Koma ndikuopa kuti tsiku lina lidzachedwa kubwera m'mutu ngati tsiku lija, n'kusabweranso.

Ndikupempha chilolezo chanu kuti ndidzaime pamutu pa manda ndi kulitchula mokweza, ana a achimwene amve kuti agogo awo anali ndani. Azakhali adzang'ung'udza, adzatopa okha. Ndakhala ndikuyeserera muno m'nyumba, ndimafika pakati mawu n'kuthawa. Mukadzaona ndikukakamira, mudzandithandize. Mai Imelda akuti koyamba kokha ndiye kovuta. Inu munakhala nawo nthawi yaitali kuposa tonsefe, mwina akamva mawu anu sadzadabwa kwambiri.

Ndiyambe pano, pamene palibe wondiona.

Dunstan.

Ndalemba. Ndadikira inki iume, ndapita kukamwa madzi, ndabwerera, lidakalipo.

Ndikwera basi Loweruka likubwerali m'mawa, ndifika pa Mchinji chakumadzulo. Achimwene asavutike kundichingamira, katundu ndilibe wambiri. Mundisungire nyemba zija.

Ndine mwana wanu,
Winifred

Ndinaiwala. Nsalu ija muibwezeretse mpaka ndifike. Ana a sukulu amadutsa njira ya kumandako, ndipo mukudziwa mmene amakondera kuwerenga mokweza chilichonse chimene aona.